Chipere cha m'mutu mwa mwana wanga chakana kutha, miyezi 8 tsopano

Mayi wa Anyamata Awiri
Moni nonse a m'gulu muno. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanga wamkulu, wa zaka 7. Chipere chinamuyamba miyezi 8 yapitayo, kamalo kakang'ono kotuwa pamwamba pa khutu, tsitsi litathothoka pang'ono. Ndinagula kirimu wa clotrimazole n'kumamupaka m'mawa ndi madzulo. Patatha milungu iwiri panauma, ine n'kusiya. Mwezi usanathe chinabwerera, chitabereka zinzake ziwiri. Kuchokera pamenepo ndasintha makirimu katatu, ndamumeta mpala kawiri, sopo ndasinthanso. Pano zipere zilipo zisanu, ndipo kumbuyo kwa khosi kwatuluka mwanabere. Usiku amakanda mpaka magazi pa pilo. Koma chandibweretsa kuno n'chakuti dzulo wakana kuvula chipewa ngakhale tili m'nyumba tokha, akuti anzake asiya kumutchula dzina, akungoti "wachipere". Inu amene munadutsamo, munatani?

Gogo wa Zidzukulu Zisanu
Pepa mwanawe, mtima wa kholo umawawa. Ana ambiri amadutsamo, akamakula chimatha chokha. Uzingomusambitsa bwino, ndipo tsitsi lisamakule.

Mlongo Wanu
Ine ndinamva kuti adyo wosinja amapha chipere msanga. Yesani kupaka usiku.

Namwino Wopuma
Amayi, adyoyo musayese chonde. Amawotcha khungu la mwana, ndipo ndaonapo ana obwera ndi matuza pamwamba pa chipere chomwe chinalipo kale. Achemwali mwanena ndi mtima wabwino, koma pamutu pa mwana ayi.

Tsono ndifotokoze chifukwa chake makirimu anu atatu aja sanathandize, chifukwa vuto lonse lagona pamenepo. Chipere cha pamkono kapena pamsana chimakhala pamwamba pa khungu, n'chifukwa chake kirimu amachipha. Cha m'mutu n'chosiyana. Fangasi wake, kachilombo koyambitsa chiperecho, amatsikira m'kadzenje momwe tsitsi limamerera, n'kulowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo, kumadya momwemo. Tsitsilo limafooka n'kuthyokera pakhungu penipeni. Mukayang'anitsitsa pa malo oyerawo mwina muona timadontho takuda, amenewo ndi matsinde a tsitsi lothyoka. Zili ngati chiswe chomwe chalowa m'kati mwa thabwa: mukapaka penti kunja pamaoneka bwino, koma m'kati chikudyabe. Kirimu safika kumeneko. Ofika ndi mankhwala akumwa, omwe amayenda ndi magazi n'kukalowa m'tsitsi latsopano likamamera.

Ndiye si kuti munkapaka molakwika, kapena kuti mwana ndi wauve. Munali ndi chida chosayenera ntchitoyo. Mwanabere wa kumbuyo kwa khosiyo amabwera kawirikawiri ndi chipere cha m'mutu, ndipo amaphwa chiperecho chikayamba kuchira. Pitani naye kwa dokotala sabata ino.

Agogo, zoti ana ena chimawathera akatha msinkhu ndi zoona, chifukwa mafuta a pakhungu la m'mutu amasintha n'kuyamba kulimbana ndi fangasi. Koma mwanayu ali ndi zaka 7. Sitingamudikiritse zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akukanda, akupatsira anzake, tsitsi likuwonongeka.

Gogo wa Zidzukulu Zisanu
Ndamva anamwino. Ife tinkangodikira chifukwa sitinkadziwa kuti kuli mapiritsi ake.

Mayi wa Anyamata Awiri
Zikomo anamwino. Timadontho takudato tilipodi, ndimaganiza kuti ndi tsitsi lomwe likumera. Kirimu womaliza amene ndinagula anathandiza kwambiri kuyabwa, masiku atatu okha mwana anagona bwino. Pa chubu palembedwa betamethasone, clotrimazole ndi gentamicin. Ndipitirize podikira kuonana ndi dokotala?

Wa ku Famase
Asiyeni lero lomwe amayi. Betamethasone ndi steroid. Amaziziritsa kuyabwa ndi kufiira, inu n'kumati zikuchira, pomwe wafooketsa chitetezo cha khungu pamalopo ndipo fangasi akufalikira mwakachetechete. Mukasiya, chimabwerera chitakula. Choipa china, amasintha maonekedwe a chiperecho moti ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira. Aliyense m'gulu muno ayang'ane chubu chomwe ali nacho: mukaona betamethasone, clobetasol kapena beclometasone, musapake pa chipere. Popita kuchipatala tengani machubu onse atatu mukawaonetse adokotala, adziwe zomwe zapakidwa kale.

Bambo wa Mapasa
Ndilowererepo, chifukwa nkhaniyi imandikhudza mpaka lero. Mwana wanga wamkazi, mmodzi wa mapasa, anali ndi chipere chonga chimenechi ali ndi zaka 5. Tinachedwa. Tsiku lina pamutu panatupa chinthu chachikulu, chofewa ngati siponji, chikutuluka mafinya m'timabowo tambirimbiri, tsitsi likungozuka ukalikhudza. Tinathamangira ku kachipatala kena komwe anati ndi chithupsa. Anachicheka kuti mafinya atuluke, n'kutipatsa maantibayotiki. Sichinasinthe. Tinabwereranso, anatipatsa ena. Patatha mwezi wathunthu m'pamene dokotala wa khungu anatiuza kuti chimenecho chimatchedwa kerion, ndi thupi lomwe likulimbana mwamphamvu ndi fangasi yemweyo wa chipere, ndipo sichichekedwa. Anatipatsa mapiritsi a fangasi ndipo chinaphwa. Koma pomwe anachekapo ndi pakati pa chotupacho panatsala chipsera, tsitsi silinamerenso. Pano ali ndi zaka 11, amapesa mobisa malowo tsiku lililonse. Amayi, ngati muona kutupa kulikonse, musalole lezala kapena mpeni pamutu pa mwana musanafunse ngati si kerion.

Mayi wa Anyamata Awiri
Abambo, nkhani yanuyi yandigwetsa misozi. Kwa ife sikunatupe. Mawa m'mawa tikupita.

Wokayika
Ine ndifunse mosabisa. Mapiritsi amenewa si aja amawononga chiwindi? Kumwetsa mwana wa zaka 7 mankhwala amphamvu miyezi iwiri chifukwa cha chipere chabe, ine ndikuona ngati n'kuwonjeza.

Namwino Wopuma
Funso lanu ndi labwino achimwene, ndipo mantha amenewo ali ndi pochokera. Mapiritsi a ketoconazole ndi omwe anapezeka kuti amavulaza chiwindi, moti mu 2013 mabungwe oona za mankhwala ku Ulaya ndi ku America anachenjeza mwamphamvu, ndipo masiku ano sapatsidwanso pa chipere. Shampu wa ketoconazole ndi nkhani ina, ameneyo ndi wotsukira kunja ndipo alibe vuto limenelo. Wina akakugulitsani mapiritsi a ketoconazole kuti mumwetse mwana wa chipere, akaneni.

Omwe amaperekedwa kwambiri ndi awiri. Griseofulvin wakhala akuchiza ana kuyambira cha mu 1958, ndipo ana ambiri amamumwa popanda vuto lalikulu. Ena amamva mutu, nseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono. Amamwedwa milungu 6 mpaka 8, nthawi zina kufika 12. Terbinafine ndi wa pambuyo pake, nthawi zambiri milungu 4. Palinso itraconazole ndi fluconazole omwe dokotala angasankhe. Mwana amene ali kale ndi matenda a chiwindi, dokotala ayenera kuuzidwa. Ndipo mwana aliyense akayamba maso achikasu, mkodzo wakuda, kusanza kosalekeza kapena kufooka kwachilendo, mumasiya mankhwala n'kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi sizichitikachitika. Mawu oti "chipere chabe" ndi omwe sindikugwirizana nawo, mwamva nokha za mwana wa abambo a mapasa.

Wokayika
Ndamva. Nanga pa awiriwo wabwino ndi uti?

Namwino Wopuma
Zimatengera mtundu wa fangasi. Pali mabanja awiri akuluakulu. Trichophyton amayenda kwambiri pakati pa anthu, mutu ndi mutu, chipeso ndi chipeso, ndipo terbinafine amamugwira bwino. Microsporum, makamaka Microsporum canis, amachokera kwa amphaka ndi agalu, ndipo kwa ameneyo griseofulvin ndi amene amachita bwino kuposa terbinafine. N'chifukwa chake ngati chipatala chili ndi labotale, ndi bwino kupempha kuti apale pang'ono pakhungu ndi kuzula titsitsi tingapo. Pa maikulosikopu amaona msanga ngati fangasi alipo, koma kuti adziwe mtundu wake amamumeretsa kaye, ndipo zimatenga milungu 2 mpaka 4. Sadikira zotsatira kuti ayambe mankhwala.

Mayi wa Anyamata Awiri
Tabwerako. Adokotala anayang'ana machubu aja n'kupukusa mutu pa wachitatu uja. Anamuyeza pa sikelo, ali ndi makilogalamu 23. Anapala pamutu n'kutumiza ku labotale. Atipatsa griseofulvin wa milungu 8 ndi shampu wa ketoconazole. Anandifunsa ngati tili ndi chiweto, ndinati tili ndi kamphaka. Sanawonjezere zambiri chifukwa mzere unali wautali, ndiye ndili ndi mafunso: shampuyu ndimusambitse tsiku lililonse? Kusukulu azipita?

Wa ku Famase
Shampu kawiri pa sabata n'kokwanira, pokhapokha adokotala atanena zina. Chinsinsi chake ndi nthawi: mupake, achite thovu, mudikire mphindi 5 kapena kuposerapo musanatsukuluze. Ambiri amapaka n'kutsuka nthawi yomweyo, mankhwala asanagwire ntchito. Dziwaninso kuti shampu sachiza chiperecho, ntchito yake ndi kuchepetsa njere za fangasi zomwe zimagwa kuchokera pamutu kuti asapatsire ena. Wa selenium sulfide amagwiranso ntchito yomweyo.

Za griseofulvin pali chinthu chomwe anthu ambiri sauzidwa: salowa bwino m'thupi akamwedwa m'mimba mopanda kanthu. Amafuna mafuta. Mumwetseni pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mafuta kapena kapu ya mkaka, tsiku lililonse, pa nthawi yofanana. Ndaonapo makolo omwe anamaliza milungu yonse akumwetsa ndi madzi okha m'mamawa mwana asanadye, kenako n'kumati mankhwala ndi achabe. Asamakhalitsenso padzuwa loswa mtengo, chifukwa khungu la ena limapsa msanga akamamwa mankhwalawa.

Kwa akuluakulu amene angapatsidwe griseofulvin: woyembekezera samwa. Amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olerera. Sagwirizana ndi mowa. Ndipo abambo amalangizidwa kuti asapereke mimba mpaka patadutsa miyezi 6 atamaliza.

Mphunzitsi wa Ana Aang'ono
Za kusukulu ndiyankhe ine. Mwana akayamba kumwa mankhwala azibwera, palibe chifukwa chomusungira kunyumba milungu 8. Chongofunika asabwerekane chipewa kapena chipeso ndi anzake. Koma amayi, kaonaneni ndi aphunzitsi ake panokha muwauze za dzina lija akumutcha. Ife nthawi zambiri sitimva zomwe ana amanenerana panja. M'kalasi mwanga zitachitika, ndinawauza ana onse kuti chipere ndi matenda ngati chimfine, chimagwira aliyense, osamba ndi osasamba omwe. Nditayang'ana mitu ndinapeza ena atatu ali nacho, mmodzi mwa iwo ndi amene ankatsogolera kuseka. Ndinawalembera makolo awo mwachinsinsi.

Wometa Tsitsi
Inenso ndinenepo za ntchito yanga. Amayi mwati munamumeta mpala kawiri. Musabwerezenso, makamaka ndi lezala. Kumeta sikuchotsa chipere chifukwa chili pansi pa khungu monga anenera anamwino, ndipo timabala ta lezala timangotsegulira fangasi njira. Kukonzako pang'ono ndi sizasi kulibe vuto.

Chachiwiri n'chowawa kunena koma ndi choona: makina athu ometera amafalitsa zipere. Titsitsi timatsalira pakati pa mano a makina, ndipo kungopopera spiriti kamodzi n'kuitana wotsatira sikuchotsa kanthu. Pamafunika kuchotsa titsitsi tonse ndi burashi, kenako kuviika chitsulocho m'mankhwala ophera tizilombo kwa nthawi yomwe yalembedwa pa botolo. Ine mwana wa chipere ndimamumeta ndi makina ake a yekha ochokera kunyumba. Kholo lili ndi ufulu wofunsa wometa momwe amatsukira makina. Akakwiya ndi funsolo, nyamukani.

Mayi wa Anyamata Awiri
A gulu ndithandizeni msanga. Lero ndi tsiku la 6 la mapiritsi. Mwana watuluka tiziphuphu ting'onoting'ono toyabwa kumbuyo kwa makutu, pakhosi ndi pachifuwa. Kodi mankhwala amuwenga? Ndisiye?

Namwino Wopuma
Muyang'aneni kaye izi: kodi milomo, maso kapena nkhope zatupa? Akupuma movutikira? Thupi latentha? Pali matuza, zilonda m'kamwa, kapena khungu likusupuka? Ngati chimodzi mwa zimenezi chilipo, musamwetsenso, thamangani naye kuchipatala tsopano lino. Ngati palibe, mwina ndi chomwe madokotala amachitcha id reaction. Mankhwala akayamba kupha fangasi, thupi limadzidzimuka n'kutulutsa tiziphuphu totere patali ndi chiperecho, kawirikawiri m'masiku oyamba. Sikuwengedwa ndi mankhwala, ndipo zimatha zokha. Koma ine sindikumuona mwanayo. Mawa m'mawa akamuone dokotala yemwe uja, ndiye anene ngati mupitirize. Ana ambiri amasiyitsidwa mankhwala panthawi imeneyi popanda wowayeza, chipere n'kupitirira chaka china.

Mayi wa Anyamata Awiri
Palibe kutupa kapena kutentha. Tapita m'mawa uno, adokotala anena zomwezo, ati tipitirize. Atipatsa mankhwala ochepetsa kuyabwa.

Mayi Wotopa ndi Mfundu
Pepani ndilowetse yanga pa zokambirana zomwezi. Ine ndine wamkulu, zaka 38. Zaka zitatu tsopano m'mutu mumayabwa, mfundu wonona wachikasu umagwera pa mapewa, m'mphepete mwa tsitsi mumafiira, nthawi zina mpaka m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno. Shampu wa ketoconazole amathandiza, ndikasiya zimabwerera. Tsitsi silithothoka malo amodzi. Nanenso ndikufunika mapiritsi amenewa?

Namwino Wopuma
Achemwali, momwe mwafotokozera zikumveka ngati si chipere, koma seborrhoeic dermatitis. Imeneyinso imakhudzana ndi fangasi, koma wina, wotchedwa Malassezia, amene amakhala pakhungu la munthu aliyense. Khungu la anthu ena limangokwiya naye. Sipatsirana, ndipo griseofulvin sangakuthandizeni. Chovuta kuvomereza n'chakuti siitheratu, imabwera n'kumapita, makamaka mukatopa kapena mukakhala ndi nkhawa. Njira yake ndi shampu yemweyo kawiri pa sabata kwa milungu 2 mpaka 4, zikakhala bwino osasiyiratu koma kamodzi pa sabata kapena pa milungu iwiri. Shampuyo afike pakhungu, osati patsitsi pokha, ndipo mafuta ambiri opaka m'mutu achepetseni. Komabe kaonetseni, chifukwa nthenda ina ya khungu yotchedwa psoriasis imaonekanso chonchi, ndipo akuluakulu ena amadwaladi chipere cha m'mutu, makamaka amayi osiya kusamba ndi anthu omwe chitetezo chawo chatsika. Ngati zakula mwadzidzidzi n'kumakana mankhwala, ndi bwino kuyezetsanso magazi.

Mayi Wotopa ndi Mfundu
Zaka zitatu ndakhala ndikubisa chipeso changa kuopa kupatsira ana anga. Zikomo anamwino, ndikaonetsa.

Mayi wa Anyamata Awiri
Sabata yachinayi yatha. Zotsatira za ku labotale zatuluka: Microsporum canis. Adokotala ati ndi kamphaka kaja. Ndakagwira n'kukayang'ana bwinobwino, kumbuyo kwa khutu lake kuli kamalo kopanda ubweya kokula ngati chikhadabo. Miyezi yonseyi kamagona pa pilo wa mwanayu. Tinakatola kali kakang'ono, patangotsala milungu yochepa kuti chipere chiyambe, koma sindinalumikize zinthu ziwirizi. Bambo ake akuti tikataye. Mwana akulira.

Bambo wa Mapasa
Musakataye. Mukakataya kakapatsira ana a eni ake, ndipo mwana wanu aziona ngati walangidwa chifukwa chodwala. Chipere cha mphaka chimachizika. Pitani nako kwa dokotala wa ziweto, ali ndi mankhwala akumwa ndi osambitsa. Pakali pano kazikhala m'chipinda chimodzi chosavuta kukolopa, kasakwere pa bedi, ndipo aliyense wokagwira asambe m'manja. Amphaka ena amanyamula fangasi popanda chizindikiro chilichonse, ndiye ngati pali chiweto china pakhomo chikayezedwenso.

Namwino Wopuma
Ndikugwirizana ndi abambo. Ndipo nkhani yabwino ndi yakuti mankhwala omwe akumwa ndi oyenera mtundu umenewu. Tsopano nyumba. Njere za fangasiyu zimakhala zamoyo miyezi yambiri pa ubweya ndi tsitsi logwa. Zovala za pilo, mathaulo, zofunda ndi chipewa chija muchape ndi madzi otentha, a madigiri 60 ngati n'kotheka, ziume bwino, muzisite. Zipeso ndi maburashi akale tayani, kapena muziviike m'madzi a bulichi mutachotsa tsitsi lonse. Mipando yomwe mphaka amakhalapo muichotse ubweya. Aliyense akhale ndi thaulo ndi chipeso chake.

Nanga mng'ono wake uja? Simunamutchulepo. Mumuyang'ane mutu wonse poyera, ndiponso manja, nkhope ndi pachifuwa. Inu ndi bambo ake mudziyang'anenso.

Mayi wa Anyamata Awiri
Wamng'onoyo m'mutu mulibe kanthu, koma pamkono ndapeza kabwalo kofiira kozungulira. Adokotala ati ameneyo kirimu wa clotrimazole ndi wokwanira chifukwa ndi pakhungu chabe, tipake mpaka milungu iwiri katazimiririka. Ati tonse tizitsuka m'mutu ndi shampu uja kawiri pa sabata kwa mwezi. Mphaka wayamba mankhwala ake.

Tsono pali china. Wamkuluyu sakukandanso, mamba atha, mwanabere waphwa. Bambo ake akuti wachira, tisiye mapiritsi tisamudzaze mankhwala m'thupi. Kunena zoona nanenso ndatopa, m'mawa uliwonse ndi nkhondo kuti ameze.

Wa ku Famase
Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, amayi. Khungu limachira msanga kuposa tsitsi. Griseofulvin sapha fangasi nthawi imodzi, amangomuletsa kuchulukana pomwe tsitsi latsopano lotetezedwa likukankhira kunja lodwalalo, ndipo tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pamwezi. Mukasiya pa sabata yachinayi, fangasi wotsalira m'matsinde amayambiranso, inu n'kubwerera pa tsiku loyamba. Awerengereni bambo ake uthengawu. Za kumeza, funsani komwe munalandira mankhwala ngati ali ndi amadzi, kapena ngati mtundu wa piritsi womwe muli nawo ungaphwanyidwe n'kusakaniza ndi chakudya pang'ono pa supuni.

Gogo wa Zidzukulu Zisanu
Mwanawe, jambula timabokosi 56 pa pepala, umate pakhoma, omwe adutsa kale uwadetse. Akameza, azichonga yekha. Mdzukulu wanga pa mankhwala ena tinatero, mpaka ankandikumbutsa ndi iyeyo.

Wokayika
Ine ndinali wotsutsa poyamba paja. Dzulo ndapita ndi mwana wa mlongo wanga kuchipatala, wakhala ndi zipere chaka chathunthu akungopakidwa makirimu. Wayamba mapiritsi.

Mayi wa Anyamata Awiri
Moni a gulu, ndinasowa. Timabokosi 56 tonse tachongedwa. Titapita kukaonetsa, adokotala anapalanso pamutu kuti atsimikize, ndipo awonjezera milungu iwiri chifukwa malo amodzi, aja oyamba a pamwamba pa khutu, akadali ndi timamba pang'ono. Ati Microsporum amachedwa kugonja, tisadabwe. Anamuyezanso pa sikelo kuti aone ngati mlingo ukadali wokwanira. Malo anayi enawo kwamera titsitsi tofewa ngati ta khanda, ati kuti lifanane ndi linalo patenga miyezi ingapo. Mkono wa wamng'ono unayera. Mphaka akadali m'chipinda chake mpaka dokotala wa ziweto atamuyezanso.

Aphunzitsi ake ndinakaonana nawo monga munandilangizira. Lachiwiri wapita kusukulu chipewa chili m'chikwama, osati kumutu. Madzulo ano tajambula pepala lina la timabokosi 14, ndipo loyamba wachonga kale.